Maola awiri a ku Joni amayambira ku Chileka, osati pa Chitakale

A Mkonzi,

Ndipatseni danga m'nyuzipepala yanu ndiwongoleko nkhani ina imene yafala kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. M'maminibasi a ku Muloza, m'misika, ngakhale pamasiwa, mumva munthu akunena motsimikiza kuti pa ndege ku Joni ndi pakhomo, maola awiri wafika. Sakunama ayi. Koma maola awiriwo ndi kachigawo chabe ka ulendo, ndipo amene amawatenga ngati ulendo wonse ndiwo amafika ku Chileka ali wefuwefu n'kupeza pa kauntala atatseka kale, ndalama za tikiti zitalowa m'madzi. Ena amauza abale nthawi yolakwika yokawachingamira chifukwa tikiti sanaiwerenge bwino. Masamu ake si ovuta, ndiye ndati ndiwayale pano kuti aliyense azidziwerengera yekha.

Mtunda kaye. Mutati mukoke chingwe molunjika kuchokera pabwalo la ndege la ku Chileka mpaka pa OR Tambo ku Johannesburg, chingatalike makilomita pafupifupi 1,360. Pamsewu, kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndi makilomita opitirira 1,700, ndipo basi imatha tsiku ndi theka, pena masiku awiri kukakhala mzere pazipata. Mukafufuza pa intaneti musadabwe kuona mtunda womwewo utalembedwa patatu. Pena mupeza 1,360, pena cha m'ma 840, pena cha m'ma 730. Zonsezo n'zolondola. Nambala yachiwiriyo ndi mailosi wamba, imodzi ndi makilomita 1.6. Yachitatuyo ndi mailosi a oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi, imodzi ndi makilomita 1.85. Musanayambe masamu alionse onani kaye kuti nambala yanu ndi ya chiyani.

Akuluakulu athu amene anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, amakumbukira njira ina. Ndege ya mapulopela inkawatula ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchokera kumeneko ankakwera sitima yapamtunda mpaka kumigodi. Ndi ku Francistown komweko kumene mu April 1974 ndege ina inagwa itangonyamuka n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuimitsa ntchito yolemba anthu opita kumigodi. Dzina la Wenela linatsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre.

Lero jeti ngati Boeing 737 ikakhazikika m'mwamba, pa mamita 10,000 mpaka 12,000, imathamanga makilomita 800 mpaka 850 pa ola. Gawani 1,360 ndi 800, mupeza ola limodzi ndi mphindi 42. Nanga bwanji tikiti imalemba maola awiri ndi mphindi 10 kapena 20? N'chifukwa chakuti wotchi ya kampani ya ndege siyambira m'mwamba. Imayamba pamene achotsa zotchingira matayala ndege n'kuyamba kusuntha, ndipo imaima ndege ikafika poimikira kumene ikupitako. Pakatipa pali kuyenda kwa pansi kokalowa mumsewu wothamangiramo, kudikira chilolezo cha a pansanja, kukwera, kutsika, ndi kuyendanso pansi. Ku Chileka kuyenda kwa pansiko n'kwapafupi. Pa OR Tambo, pamene ndege zimachita kuima pamzere ngati maminibasi a mu Limbe, kumatha kudya mphindi 10 mpaka 20.

Kukwera ndi kutsika ndiye kumene anthu ambiri sakuganizirako. Ndege siyamba ndi liwiro lake lonse ikangosiya nthaka. Imatha mphindi pafupifupi 20 ikukwera, ndipo isanapyole mamita 3,000, womwe ndi msinkhu wa Sapitwa wathuyu, m'madera ambiri lamulo limati isapitirire makilomita 460 pa ola. Potsikanso siigwa ngati mwala. Ndege imene ili pa mamita 11,000 imayamba kutsika kukadali makilomita pafupifupi 200 kuti ifike, ndipo imamka nichepetsa liwiro mpaka matayala atagunda pansi. Choncho pa ulendo wa ku Joni, makilomita pafupifupi 400 ndege imakhala ikukwera kapena ikutsika.

Njira yachidule yowerengera ndi iyi: gawani makilomita ndi 800, pa zimene mwapezazo muwonjezerepo theka la ola. Blantyre mpaka Johannesburg zikupatsani maola awiri ndi mphindi 12. Lilongwe mpaka Nairobi, makilomita pafupifupi 1,430, maola awiri ndi kota. Lilongwe mpaka Addis Ababa, makilomita pafupifupi 2,600, maola atatu ndi mphindi 45. Mukayerekeza ndi matikiti enieni muona kuti simusiyana nawo ndi mphindi zambiri. Ikakhala ndege ya mapulopela ngati Q400, imene siikwera kupyola mamita 7,600, gawani ndi 600.

Theka la ola lija silisintha, kaya ulendo ndi wautali kaya ndi waufupi, ndipo n'chifukwa chake ndege siipindulitsa kwambiri pamtunda waufupi. Taonani Blantyre ndi Lilongwe. Kuchokera ku Chileka kukafika pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 245 okha. Pa liwiro la jeti zikanakhala mphindi 18, koma ndege ikangomaliza kukwera nthawi yotsika imakhala yakwana kale, ndiye ulendowo umatha mphindi 40 mpaka 50. Tsono onjezanipo theka la ola lochokera m'tauni ya Blantyre kupita ku Chileka, ola lofika ndege isananyamuke, mphindi 20 zodikira katundu, ndi makilomita 25 ochokera ku Lumbadzi kulowa mumzinda wa Lilongwe. Zonse pamodzi zikupitirira maola atatu. Kochi yodzera pa Zalewa, pamsewu wa makilomita pafupifupi 310, imatha maola anayi ndi theka kapena asanu. Mwapulumutsa ola limodzi, mwina ndi theka, pamtengo woposa wa basi kangapo. Kwa wodwala amene sangapirire mabampu a ku Ntcheu ndi ku Dedza, kapena amene akukalumikiza ndege ina ku Lumbadzi, n'zomveka. Kwa munthu wongopita ku Capital Hill kukasiya mapepala, ine ndingati akwere kochi.

Pali mawu awiri pa matikiti amene amasokoneza ngakhale ophunzira. Ndege ikalembedwa non-stop ndiye kuti siitera paliponse mpaka kofika. Ikalembedwa direct, tanthauzo lake n'lakuti nambala ya ndege ndi imodzi kuchokera koyambira mpaka kothera, koma itha kutera panjira kutsitsa ndi kunyamula anthu. Ndege zambiri zobwera ku Malawi zimatumikira mabwalo athu awiri pa ulendo umodzi, kotero munthu wokwerera ku Chileka atha kuyamba walowera kumpoto ku Lilongwe kenako n'kutembenukira kummwera. Lilongwe mpaka Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,490. Mukaphatikiza ndi 245 aja mwafika 1,735, ofanana ndi a pamsewu wa basi, ndipo maola awiri aja asanduka anayi chifukwa pansi ndege imakhalapo mphindi 45 kapena ola. Pogula tikiti funsani mosapita m'mbali kuti, kodi itera kangati? Musachite manyazi, ndalama ndi zanu.

Mphepo nayo ili ndi gawo lake. Ndege m'mwamba ili ngati bwato pa Shire. Kutsika ndi madzi kumafulumira, kukwera nawo kumachedwa, ngakhale wopalasa ali yemweyo. Kumtunda kumene majeti amayenda, makamaka kutali ndi mzere wa equator wogawa dziko lapansi pakati, kuli mphepo yamphamvu yowomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. London ndi New York n'zotalikirana makilomita pafupifupi 5,500, koma wopita ku New York amatha maola pafupifupi asanu ndi atatu pamene wobwerera ku London amatha asanu ndi awiri. Pa ulendo wathu wa ku Joni kusiyanako n'kwa mphindi zochepa, ndipo kumaonekera kwambiri m'miyezi yozizira, pamene mphepo imeneyi imakula kumtunda kwa South Africa. Mukaona nthawi yopita ndi yobwerera zikusiyana pang'ono pa tikiti, sikuti wolemba walakwitsa.

Za nyengo ife a kuno sitifunika kuuzidwa. Chiperoni chikakuta kuyambira May mpaka August, pa Bvumbwe galimoto imayenda nyali zili ngwee masana. Ndege nayo imafuna kuti woyendetsa aone msewu wake pamsinkhu woikika. Akapanda kuuona amakweranso n'kuzungulira, ndipo ngati sikukuyera amakatera pabwalo lina, lomwe kwa ndege ya ku Chileka nthawi zambiri ndi la ku Lilongwe. Ndege iliyonse imanyamula mafuta owonjezera a zimenezi, ndiye palibe chochititsa mantha, koma tsiku lanu lasokonekera basi. Ku Johannesburg vuto ndi mvula ya mabingu ya masana kuyambira October mpaka March. Woyendetsa salowa mumtambo wa mphenzi, amaulambalala, ndipo mphenzi zikayandikira bwalo, ogwira ntchito pansi amathawira m'nyumba, katundu n'kuima. Ndege ya m'mawa nthawi zambiri imasunga nthawi kuposa ya madzulo, chifukwa ya madzuloyo imakhala itatolera kuchedwa kwa maulendo onse amene yayenda tsikulo. Kutentha kwa October nakonso kumavuta. Mpweya wotentha ndi wopepuka, mapiko ndi injini sizigwira mwamphamvu, ndipo pabwalo la msewu waufupi kapena lokwera kwambiri ndege imakakamizika kuchepetsa kulemera. Chimene chimatsala ndi masutikesi, n'kubwera ndi ndege yotsatira. Mankhwala a shuga, a BP ndi ma ARV asalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Akhale m'chikwama cha m'manja.

Tsopano wotchi. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya kumalo kumene chinthucho chikuchitikira: yonyamukira ndi ya konyamukira, yofikira ndi ya kofikira. Ndi South Africa tilibe vuto chifukwa wotchi yathu ndi imodzi, monganso Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe. Koma Tanzania, Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri. Tiyerekeze kuti tikiti yalemba kunyamuka ku Lilongwe 14:00, kufika ku Addis Ababa 18:45. Wowerenga mwachangu ati maola anayi ndi mphindi 45, pamene ndi atatu ndi mphindi 45. Pobwerera ilemba 10:00 ndi 12:45, ngati kuti ulendo wafupika ndi maola awiri, chonsecho ndi womwewo. UK ndiye imasinthasintha. Kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola awiri.

Matikiti amalemba nthawi mwa maola 24, ndipo apa ndi pamene pamagwa anthu ambiri. 06:30 ndi m'mawa, 18:30 ndi madzulo. Koma onetsetsani ndege yonyamuka 00:40 pa 12 June. Imeneyo munthu ayenera kukhala ali pabwalo usiku wa pa 11. Wobwera usiku wa pa 12 apeza ndege yake itapita kalekale, ndipo kampani imamulemba ngati wosabwera. Choopsa chake n'chakuti makampani ambiri akakulembani choncho pa ulendo wopita, amafafanizanso wobwerera. Kachizindikiro ka +1 pambali pa nthawi yofikira kakutanthauza kuti mufika tsiku lotsatira.

Opita ku Ulaya ayenera kulumikiza ndege, kawirikawiri ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Lilongwe ndi London molunjika n'zotalikirana makilomita pafupifupi 8,000. Kudzera ku Addis ndi pafupifupi 8,500. Kudzera ku Joni kuchokera ku Chileka mumapitirira 10,000, chifukwa mumayamba mwabwerera kummwera kenako n'kuuluka maola 11 kulowera kumpoto. Koma chimene chimatalikitsa ulendo wotere kwambiri ndi maola odikira pakati. Tikiti ziwiri za mtunda wofanana zitha kusiyana ndi maola 10 chifukwa cha kudikira kokha. Ndipo pogula, limbikirani kuti ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Zikatero katundu amamulemba mpaka kothera, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, kampani ndiyo imakupezerani malo mu ina. Mukagula tikiti ziwiri zosiyana pofuna kutchipa, pamalo olumikizirapo muyenera kudindisa pasipoti, kutenga katundu, kukamuperekanso pa kauntala ina, ndipo ndege yachiwiri ikakusiyani mlandu ndi wanu. Pa tikiti imodzi maola awiri apakati amakwana. Pa ziwiri musavomere ochepera anayi.

Tibwerere kwathu tsopano, tiwerenge ulendo wa ku Joni kuyambira pakhomo. Tiyerekeze kuti ndege inyamuka ku Chileka 1 koloko masana. Pa ulendo wotuluka m'dziko makampani amafuna mufike kukadali maola awiri kapena atatu, ndipo ambiri amatseka kauntala ya check-in, poonetsera tikiti ndi kuperekera katundu, kutatsala ola limodzi. Ikatsekedwa yatsekedwa, ngakhale ndege mukuiona ili poteropo, chifukwa kulemera kwa anthu ndi katundu kumakhala kwawerengedwa kale n'kuperekedwa kwa woyendetsa. Ndiye cholinga chanu chikhale kufika 10:30.

Kuchokera pa boma la Mulanje kukafika mu Limbe kudzera msewu wa Midima, umene mu 2006 anautcha Robert Mugabe Highway, ndi makilomita pafupifupi 65. Galimoto ya munthu payekha imatha ola ndi kota. Minibasi ipatseni maola awiri, chifukwa pa Chitakale idikira kudzaza, pa Nkando iima, pa rodibuloko iima, ndipo polowa ku Bangwe magalimoto amathithikana. Wodzera ku Luchenza, Thyolo, Bvumbwe ndi Chigumula ali ndi mtunda wotalikirapo ndi makona a m'minda ya tiyi. Wochokera ku Muloza awonjezere makilomita 30, wa ku Thekerani kapena ku Makwasa awerengere zake za zitunda. Mu Limbe mutsika ndi masutikesi n'kusaka ina ya ku Blantyre. Makilomita ake ndi asanu ndi atatu okha, koma pa Chichiri ndi pa Ginnery Corner m'mawa zimatha kudya mphindi 40. Kenako makilomita ena pafupifupi 16 kudutsa pa Kameza mpaka ku Chileka, theka la ola kapena kuposerapo, ndipo si minibasi iliyonse imene imakafika pageti la bwalo. Wokhala ndi katundu wambiri ndi bwino angotenga takisi mu Limbe momwemo atagwirizana mtengo asanakwere. Mukaphatikiza, maola atatu ndi theka apita. Kuti mufike 10:30 muyenera kukhala muli m'minibasi pa Chitakale 7 koloko, ndipo apo sitinaikepo tayala lophulika kapena mafuta othera panjira.

Ndege yanyamuka 1 koloko, yatera cha m'ma 3:15. Mzere wodindisa pasipoti pa OR Tambo ndi kudikira katundu, ikanipo ola. Bwalolo lili ku Kempton Park, makilomita opitirira 20 kuchokera pakati pa mzinda. Sitima ya Gautrain imafika ku Sandton pa mphindi 15, koma anthu athu ambiri sakhala ku Sandton, ndipo takisi ya madzulo pa misewu ya kumeneko imatha ola. Mufika pakhomo la m'bale wanu cha m'ma 5:30. Kuyambira 7 koloko m'mawa, amenewo ndi maola 10 ndi theka, ndipo m'mwamba munakhalamo osakwana awiri. Zikuposabe basi kutalitali, sindikutsutsa. Wopita ku Cape Town kapena Durban awonjezere kudikira ndi ndege ina ya maola awiri kapena ola limodzi.

Ndege ikakhala yonyamuka m'mawa isanakwane 10 koloko, langizo langa n'lakuti mukagone ku Blantyre, kwa m'bale ku Chirimba, ku Machinjiri kapena ku Lunzu komwe kuli kufupi ndi bwalo. M'dzinja chitani chimodzimodzi ngakhale ndege ili ya masana. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho ya kuno mu March 2023, koma sipafunika namondwe kuti mtsinje umodzi usefukire n'kuimitsa magalimoto maola atatu.

Mphindi zina zimathera pa sikelo. Makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa sutikesi imodzi ndi 7 pa chikwama cha m'manja, koma werengani zimene zalembedwa pa tikiti yanu chifukwa zimasiyana. Ife tikamapita ku Joni timanyamula ufa, nyemba, nandolo, tiyi wa kuno ndi usipa, ndipo pa kauntala m'pamene munthu amayamba kumasula zingwe, kuchotsa ichi, kubweza icho, mzere uli kumbuyo, wotchi ikuyenda. Pimitsani katundu dzulo lake pa sikelo ya ogula nandolo pamsika. Dziwaninso kuti mayiko ambiri, South Africa yomwe, amaletsa kulowetsa nyama, zipatso ndi mbewu zina popanda chilolezo, ndiye zina mwa zimene mwavutika nazo zitha kukathera m'bini. Zamadzimadzi m'chikwama cha m'manja zisapitirire mamililita 100 pa botolo limodzi. Power bank ndi mabatire apadera, mosiyana ndi zimenezo, saloledwa m'sutikesi yapansi chifukwa akayaka moto kumeneko palibe angauzimitse msanga. Mukaiwalamo, akuitanani mukatsegule sutikesiyo anzanu akukwera. Boarding pass nayo, kapepala kokwerera ndege kamene amakupatsani pa kauntala, ili ndi nthawi yakeyake yokwerera, imene imakhala mphindi 30 mpaka 45 ndege isananyamuke, ndipo chitseko amatseka kutatsala mphindi 15 kapena 20.

Pempho langa kwa ogulitsa matikiti mu Limbe ndi mu Blantyre n'lakuti akaona kasitomala wochokera kuboma ngati kuno, amulembere pa pepala ndi cholembera zinthu zitatu m'Chichewa: tsiku ndi ola loti akhale ali pabwalo, malo amene ndege itere panjira, ndi nthawi yofikira ya kumeneko. Kwa apaulendo, wokakuchingamirani musangomuuza kuti tifika masana. Mutumizireni pa WhatsApp nambala ya ndege, zilembo ziwiri ndi manambala zimene zili pa tikiti, pamodzi ndi tsiku lofika. Akailemba pa Google aona ngati ndege yanyamuka kapena yachedwa, ndipo atha kunyamuka kunyumba ndege itatera kale, popeza muli ndi ola lathunthu loima pamzere musanatulukire panja.

Ine wanu,
Wowerenga wa pa Chitakale,
Mulanje